Miyala Ndiyo Malire: Kukonza Thanki Yaikulu Yowetera Mbuna

(NYIMBO YOTSEGULIRA IKWERE, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA:

Lero tikamba za kuweta nsomba, koma si nsomba za m'damu zodyera nsima zija ayi. Izi ndi nsomba zoweta m'thanki yagalasi, ija ena amati akwariyamu, imene mwina munaionapo pofikira alendo ku hotela kapena mu ofesi ina m'tauni. Ndipo nsomba zimene tasankha ndi zathu zomwe, mbuna za m'nyanja ya Malawi.

Mukalowa m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta ku Johannesburg, ku London kapena ku Berlin, kawirikawiri mupezamo thanki yolembedwa dzina la dziko lathu. M'katimo muli tinsomba tachikasu, tabuluu, tamizeremizere, ndipo anthu akumeneko amatulutsa ndalama zambiri kuti tinsombato tikhale pabalaza pawo. Malemu Stuart Grant anachita malonda otumiza nsomba zimenezi kunja kuchokera ku Senga Bay m'boma la Salima kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Ife eni nyanja ambiri timangozidziwa ngati tinsomba ta m'miyala timene ana amawedza akamasewera kudooko.

Koma mbuna ili ndi khalidwe limodzi limene wogulitsa sachedwa kuiwala kukuuzani: ndi nsomba yamtopola. Munthu amagula thanki, kuthiramo madzi, kuikamo timiyala tiwiri ndi maluwa apulasitiki, n'kuponyamo nsomba zokongola. Pakatha mwezi, nsomba imodzi yalanda thanki yonse, zinzake zapanikizika pakona zipsepse zili mbwenderembwendere, ndipo m'mawa uliwonse mwini wake akuvuula yakufa. Amayamba kudandaula kuti anamugulitsa nsomba zodwala. Ayi ndithu, nsombazo zinali bwinobwino. Chimene chinalakwika ndi kamangidwe ka m'kati mwa thankiyo, makamaka miyala. Nkhani yathu yagona pamenepo.

Tiyambe tapita kunyanja, chifukwa kumeneko ndi kumene kuli yankho. Nyanja ya Malawi ndi yotalika makilomita opitirira 560, ndipo chakumpoto kwake imazama mamita pafupifupi 700. Muli mitundu ya nsomba yambiri kuposa m'nyanja ina iliyonse yopanda mchere padziko lapansi, ndipo yochuluka mwa mitunduyo ndi ya banja limodzi lotchedwa cichlid. Chambo ndi cha m'banja limeneli, utaka ndi ncheni chimodzimodzi. Mbuna ndi nthambi ya banjali imene inakhazikika m'miyala: ku Cape Maclear, ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi ku Chizumulu, kuzilumba za Maleri, Mbenji ndi Boadzulu. Katswiri wina wa ku Britain, Geoffrey Fryer, anafufuza moyo wa nsombazi ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, ndipo kuyambira pamenepo ofufuza sanaleke kubwera.

Mbuna sizikonda kuwoloka pamchenga popanda pobisala, kapena pamadzi akuya. N'chifukwa chake chilumba chimodzi, ngakhale mulu wa miyala wa pawokha pansi pa madzi, umatha kukhala ndi mtundu wakewake wosapezeka kwina kulikonse. Chakudya chake ndi ndere zomera pamiyala, pamodzi ndi tizilombo ting'onoting'ono tobisala m'nderemo. Choncho kwa mbuna yaimuna, pamwala ndi pamene imadya, ndi pamene imathawira adani, ndi pamenenso imaitanira yaikazi nthawi yoswana. Nanga ingalekerere bwanji inzake kufikapo?

Komabe kunyanja ndewu zimenezi sizifika pophana kawirikawiri. Yogonja imathawa, imakhota kuseri kwa chimwala, ndipo yopambana ikasiya kuiona imabwerera pamalo pake. Gwirani mawu amenewo, omvera: ikasiya kuiona, imasiya kuithamangitsa. M'thanki, yogonja ikathawa imakagunda galasi n'kubwerera kwa mdani wake yemweyo. Ntchito yanu inu woweta ndi kuipatsa nsomba yogonjayo kuseri koti ikhotere.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA:

Thanki yake ikhale yotani? Pa nsomba zolimbirana malo, chofunika ndi kukula kwa pansi, osati msinkhu. Thanki yaitali chopita m'mwamba imalowa madzi ambiri, inde, koma malire amadulidwa pansi, ndipo pansi pake m'pochepa. Musatsike pa masentimita 120 m'litali. Ine ndimalimbikitsa 150 m'litali, 50 m'lifupi, ndi 50 kupita m'mwamba. Mukachulukitsa manambala atatuwo n'kugawa ndi 1,000, mupeza malita 375. Imeneyi ndiyo tiigwiritse ntchito ngati chitsanzo lero.

Galasi lake likhale lochindikala mamilimita 10, ndipo pamwamba pakhale timizere ta galasi togwira mbali kuti zisakhutumuke. Msinkhu ukafika masentimita 60, galasi likhale la mamilimita 12. Galasi la pawindo lija musayese n'komwe. Pomata, funsani silikoni ya mathanki a nsomba. Ya m'bafa nthawi zambiri imakhala ndi mankhwala oletsa nkhungu, ndipo mankhwala amenewo ndi poizoni kwa nsomba. Ikauma, idzazeni madzi panja, pamalo osalala, ikhale masiku angapo. Ngati pali podontha, ndi bwino padonthere pabwalo kusiyana ndi pakapeti.

Za kulemera anthu ambiri saziganizira. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Magalasi okha a thanki yathuyi akuyandikira makilogalamu 70. Onjezerani miyala ndi mchenga, mwafika pafupi ndi theka la tani. Tebulo la pabalaza silingasenze zimenezo. Pitani kwa owotcherera zitsulo akupangireni choikapo cholimba, kapena mangani ndi njerwa ndi simenti. Bwerekani levulo kwa amisiri omanga nyumba, chifukwa thanki yopendekeka imapanikiza ngodya imodzi mpaka tsiku lina kuthetheka. Pakati pa thanki ndi choikapocho yalani styrofoam, zoyera zopepuka zija zimene zimabwera m'katoni ya firiji. Malo ake akhale otalikira windo lolowa dzuwa, oyandikira soketi ya magetsi, ndipo muwasankhe mofatsa, poti mukathira madzi simudzaisunthanso.

Tsopano tifike pa miyala, ndipo apa ndichedwapo.

Miyala yake mungaipeze kukwale, m'mbali mwa mtsinje kapena m'phiri, mutapempha kwa eni malo. Pewani ya pafupi ndi galaja kapena m'mphepete mwa msewu kumene kumatayikira mafuta, ya m'munda wopopera mankhwala, ndiponso imene ili ndi mizere ya dzimbiri kapena yonyezimira ngati chitsulo. Mukakayika, donthezeranipo viniga. Mwala ukachita thovu, ndiye kuti muli laimu. Kwa nsomba zina zimenezo n'zoipa, koma kwa mbuna n'zabwino, chifukwa madzi a m'nyanja yathu sali a asidi. Pa muyezo wotchedwa pH amakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6. Itsukeni ndi bulashi ndi madzi okha, sopo ayi. Musaiphike m'poto kapena kuiika pamoto, chifukwa mwala wokhala ndi mpweya kapena chinyezi m'kati umatha kuphulika. Kuithira madzi otentha n'kuiyanika padzuwa n'kokwanira. Pa thanki yathuyi makilogalamu 60 ngakhale 80 a miyala si ochuluka. Sankhani mtundu umodzi wa mwala, koma yosiyana kukula: ingapo ikuluikulu yoti kunyamula kwake n'kwa manja awiri, yapakati yambiri, ndi ing'onoing'ono yotsekera mipata. Miyala yofanana kukula yonse imaoneka ngati yangotsitsidwa m'lole.

Musanaike kalikonse m'thanki, jambulani kukula kwa pansi pake ndi khala pabwalo, muyeserere kusanja miyala pamenepo. Pabwalo mwala ukagwa palibe chimene chisweka.

Mukakhutira, lamulo loyamba ndi ili: miyala iyambe, mchenga utsatire. Mbuna zimakumba. Zimatapa mchenga ndi pakamwa n'kukalavula uko, usana wonse, mpaka kufika pagalasi la pansi. Mwala umene munaukhazika pamwamba pa mchenga udzatsala lendelende, ndipo tsiku lina mulu wonse udzagumukira pagalasi kapena pa nsomba imene ikukumbayo. Choncho yalani kaye kapulasitiki kolimba kapena styrofoam yopyapyala pansi, khazikanipo miyala ikuluikulu, kenaka muzisanja ina pamwamba. Mwala uliwonse ugunde pa unzake malo atatu. Ukankheni ndi dzanja, ukagwedera, usintheni. Mwala usatsamire galasi la m'mbali, ndipo siyani mpata woti dzanja lanu lizidutsa popukuta. Ena amamata miyala yonse ndi silikoni kuti isagwe. Matani yokhayo ya pamwamba imene ikukayikitsa, chifukwa tsiku limene mudzafune kugwira nsomba imodzi yodwala, mudzayenera kutulutsa miyala yambiri. Mbuna siigwidwa ndi kaukonde ili pakati pa miyala.

Nanga kasanjidwe kake? Chimene ambiri amachita ndi kumanga khoma limodzi la miyala kumbuyo, kuchokera kumanzere mpaka kumanja, kutsogolo konse n'kusiya mbee. Pachithunzi zimaoneka bwino. Koma yaimuna imodzi ikaima pakati imaona mpita wonsewo, uku ndi uku, ndipo chilichonse chimene ikuchiona imachiyesa chake. Choipa kuposa pamenepo ndi phanga limodzi lokongola pakatikati pa thanki. Zazimuna zonse zidzalifuna, ndipo ndewu yake sidzatha.

M'malo mwake, mangani milu iwiri kapena itatu yosalumikizana. Mulu waukulu ukhale mbali imodzi, ukwere kupitirira theka la msinkhu wa madzi, ngakhale kuyandikira pamwamba. Wina wocheperapo ukhale mbali inayo. Umodzi usendere chakumbuyo, wina chakutsogolo, kuti isakhale pamzere umodzi. Pakati pa miluyo siyani bwalo la mchenga, ndipo m'bwalomo imikani mwala umodzi wautali woti utchinge maso. Yaimuna iliyonse yamphamvu idzatenga mulu wake, ndipo mchenga wa pakatiwo udzakhala malire amene zonse zikuwadziwa.

Mukatha, chitani ichi. Pitani kumbali yaifupi ya thanki, mugwade, muyang'ane chamtali maso anu ali pafupi ndi pansi, pamene nsomba zimasambira. Ngati mukuona bwinobwino galasi la tsidya linalo, dziwani kuti nsomba yolusa ija idzaonanso chimodzimodzi. Sunthani mwala mpaka maso anu atatsekeka. Ife timayang'ana thanki chakutsogolo n'kumati yakongola, koma nsomba imaiona cham'mbali, ndipo pa nkhani ya ndewu maso a nsomba ndi amene ali ndi ntchito.

Mapanga akhale ambiri kuposa nsomba. Ambiri mwa iwo akhale ndi makomo awiri, kuti yothamangitsidwa ikalowa uku itulukire uko. Phanga la khomo limodzi limasanduka msampha. Makomowo ayang'ane mbali zosiyanasiyana, kuti eni mapanga oyandikana asamaphenyetsetsane tsiku lonse. Musaiwale ming'alu yopapatiza imene yaikazi ingalowe koma yaimuna yaikulu n'kukanika, ndi ina yaing'ono kwambiri yothawiramo ana. Kumbuyo kwa thanki, chakunja, pakani penti yakuda kapena yabuluu woderapo. Mitundu ya nsomba imawala bwino pakuda, ndiponso mawaya ndi mapaipi amabisika.

Miyala ikakhazikika, thirani mchenga wokhuthala masentimita 2 kapena 4 basi. Wochuluka umangosunga litsiro. Mchenga wa kumtsinje ndi wabwino, koma muusefe, muutsuke m'ndowa mpaka madzi aziyera, kenaka muuyanike uume gwaa. Kuyanikako n'kofunika: m'mchenga wonyowa mumabwera nkhono, ndipo nkhono zina za m'madzi athu ndi zimene zimasunga tizilombo ta likodzo. Simungafune zimenezo m'madzi amene muzipisamo dzanja sabata iliyonse.

Za zomera sindichedwapo. Kumiyala kumene mbuna zimakhala kulibe zomera zambiri, ndipo zimene mungabzale zidzadyedwa kapena kuzulidwa. Ngati mtima ukufunabe chobiriwira, yesani Anubias, ya masamba olimba, muimangirire pamwala ndi ulusi, kapena Vallisneria, udzu wautali umene umameranso m'malo osaya m'nyanja yathu. Zitsa ndi mitengo zisiyeni, zimatsitsa pH. Namasupuni asayandikire n'komwe. A kumtsinje wa Shire akudziwa mavuto ake. Chobiriwira chenicheni cha thanki ya mbuna ndi ndere. Pukutani galasi la kutsogolo lokha, za pamiyala muzisiye, nsomba zizibudula. Nyali iziyaka maola ngati 8 patsiku, ndipo pamwamba pakhale chivundikiro, chifukwa nsomba yothamangitsidwa imadumpha.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA:

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za kukonza thanki yaikulu yagalasi yowetera mbuna. Miyala tasanja, mchenga tathira. Tsopano madzi.

Madzi a pampopi amakhala ndi klorini, amene amatiteteza ife koma amapha nsomba. Gulani mankhwala ochotsera klorini kwa ogulitsa nsomba zoweta. Akasowa, tungirani madzi mumgolo woyera wosavundikira akhale masiku awiri, ngakhale kuti njira imeneyi siichotsa klorini wa mtundu uliwonse. Madzi a pamjigo nthawi zambiri amayenerana ndi mbuna, koma ayezeni kaye ndi timabotolo toyezera madzi. Madzi amvula paokha ndi ofewa kwambiri. pH ikakhala yotsika, ikani zigoba za nkhono zophwanya kapena timiyala ta laimu m'fyuluta.

Fyuluta ikhale yamphamvu, yotha kuzunguza madzi onse a m'thanki kasanu ndi kamodzi kapena kupitirira pa ola. Pa malita 375, tikunena pampu ya malita opitirira 2,000 pa ola, ndipo mafyuluta awiri ndi abwino kuposa imodzi, kuti ina ikafa inzake izigwirabe. Koma ntchito yaikulu ya fyuluta si kukola zinyalala zimene mukuziona. Nsomba zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni, ndipo ukali wake umakula m'madzi a pH yokwera ngati amene mbuna zimafuna. M'masiponji a fyuluta mumakhala mabakiteriya amene amasandutsa amoniya kukhala nitrite, poizoni winanso, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene savulaza msanga. M'thanki yatsopano mabakiteriya amenewa mulibe. Kuti achuluke pamatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi.

Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa thanki yakongola, alendo akubwera Loweruka, ndipo mtima ukuti ikamo nsomba lero. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yatsani fyuluta, tsiku lililonse muziponyamo kachakudya ka nsomba pang'ono kuti kaziola, ndipo muziyeza madzi. Amoniya akafika pa ziro, nitrite pa ziro, nitrate n'kuyamba kuoneka, thanki yapsa. Ngati muli ndi mnzanu amene thanki yake ndi yakale ndipo nsomba zake n'zathanzi, mupempheni siponji imodzi ya m'fyuluta yake. Nthawi yodikira idzafupika. Ndipo kuyambira pamenepo, siponji muziitsukira m'madzi amene mwachotsa m'thanki, osati pampopi, kuopa kupha mabakiteriya aja.

Kutentha kwa madzi kukhale pakati pa madigiri 24 ndi 27. A ku Salima, Mangochi ndi Nkhotakota mwina simuvutika, koma a ku Dedza, Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, m'miyezi ya Juni ndi Julayi madzi a m'nyumba amazizira kuposa pamenepo. Pamafunika hita ya mawati ngati 300, yobisika kuseri kwa mulu wa miyala pamene madzi akuyenda. M'chilimwe vuto limatembenuka: madzi otentha amasunga mpweya wochepa, choncho pamwamba pa madzi pazigwedezeka nthawi zonse.

Nanga magetsi akathima? Funso limeneli musalizembe, liyankheni musanagule nsomba. Thanki yodzaza mbuna imatha mpweya m'maola ochepa. Khalani ndi kapampu ka mpweya koyendera mabatire, kapena lumikizani fyuluta ku sola. Zonsezi zikasowa, tungani madzi a m'thankimo ndi jagi n'kumawathira kuchokera m'mwamba, mobwerezabwereza. Magetsi kulibe, nsomba musazidyetse; kusala tsiku limodzi kapena awiri sikuzipha. Ndipo ngati fyuluta yanu ndi yotseka ngati chigubu, ikakhala maola ambiri osayenda, khuthulani madzi a m'katimo musanaiyatsenso, chifukwa amakhala ataonongeka.

Tsopano nsomba zenizenizo. Akuluakulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo pa mbuna mawuwa ndi oona ndithu. Zazimuna ziwiri za mtundu umodzi ndiye chiwerengero choipitsitsa, chifukwa yamphamvu ili ndi mdani mmodzi yekha woti izimusaka. Pa mtundu uliwonse ikani yaimuna imodzi ndi zazikazi zitatu, zinayi kapena kuposerapo. Yaikazi ikakhala imodzi yokha, yaimuna imaivutitsa mpaka kuifoola.

Chodabwitsa n'chakuti mbuna zochepa zimamenyana kwambiri kuposa zambiri. Zikakhala zisanu m'thanki yaikulu, yolusa imasankha imodzi n'kuimaliza, kenaka ina. Zikakhala 20 kapena 25 m'thanki yathu ya malita 375, ikayamba kuthamangitsa iyi, ina yadutsa, ina yatulukira uku, ndipo ukali wake umamwazikana. Oweta mbuna amadzaza thanki dala. Koma mtengo wake ulipo: nsomba zambiri, litsiro lambiri. Sabata iliyonse muzichotsa gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi n'kuthira ena oyera, otentha mofanana. Amene akudziwa kuti sangakwanitse ntchito imeneyi, aleke kudzaza thanki, kapena asankhe nsomba zina.

Mitundu itatu kapena inayi ndi yokwanira, ndipo ikhale yosafanana maonekedwe, chifukwa yaimuna imalusira kwambiri nsomba yofanana nayo. Kwa oyamba kumene, pali Labidochromis caeruleus, yachikasu chowala yokhala ndi mzere wakuda pachipsepse cha pamsana, yochokera kumiyala ya kumpoto kwa Nkhata Bay; ndi yofatsa poyerekeza ndi zinzake. Pali Iodotropheus sprengerae, yofiirira ngati dzimbiri, ya ku Boadzulu, nayonso yofatsa. Pali ina imene ogulitsa amangoti acei, yabuluu ya mchira wachikasu, imene imakonda kusambira chapamwamba m'gulu, motero siilimbirana mapanga kwenikweni. Mitundu itatu imeneyi imakhalira limodzi bwino.

Zina n'zokongola koma n'zovuta. Melanochromis auratus imagulitsidwa ili yaing'ono, yachikasu ya mizere yakuda yopingasa thupi lonse, yooneka yosalakwa. Yaimuna ikakula imada, ndipo imatha kusautsa thanki yonse yokha. Ina yotchedwa kenyi, ya ku Mbenji, ndi chimodzimodzi. Ine ndinganene kuti woyamba kumene azisiye kaye. Ndipo yofiira ija yotchedwa red zebra, yochokera kugombe la ku Mozambique, musaiphatikize ndi yachikasu ya ku Nkhata Bay, chifukwa zimakwerana n'kubala ana osadziwika mtundu. Musasakanizenso mbuna ndi tinsomba tofatsa ta kumayiko ena ngati goldfish kapena guppy. Kumeneko n'kuzipereka kokaphedwa.

Ikani nsomba zili zazing'ono, masentimita 4 kapena 5, m'magulu akuluakulu, kuti zikulire limodzi. Nsomba imodzi yatsopano yoponyedwa m'thanki imene malire anadulidwa kale imamenyedwa ndi zonse. Mukafuna kuonjezera, yambani mwazisunga padera masabata angapo kuti muone ngati zilibe matenda. Tsiku loziika, sunthani miyala ina kuti eni malo asokonezeke, ikani zatsopanozo zingapo nthawi imodzi, ndipo muzimitse nyali mpaka m'mawa.

Tsiku lililonse podyetsa, werengani nsomba zanu. Mukaona ina yaima pakona chapamwamba, kuseri kwa paipi, mtundu utafwifwa, zipsepse zitang'ambika, imeneyo yathamangitsidwa m'miyala yonse ndipo masiku ake ndi owerengeka. Ichotseni muiike m'kathanki kapadera, kenaka muonenso kasanjidwe ka miyala yanu. Koma mukaona yaikazi yasiya kudya, kukhosi kwatupa, ikubisala m'ming'alu, musathamangire mankhwala. Yafungatira mazira m'kamwa. Mbuna zimaswa choncho, monga chimachitira chambo, ndipo pakatha masabata ngati atatu idzalavula tiana tosambira kale. Ming'alu ing'onoing'ono ija munasiya ndi imene idzapulumutse ena mwa iwo.

Pa chakudya, kumbukirani kuti zambiri mwa nsombazi ndi zodya ndere, ndipo matumbo ake ndi aatali, oyenera zamasamba. Gulani chakudya chokhala ndi spirulina. Muthanso kuzipatsa nsawawa zophika zosenda, kapena kachidutswa ka nkhaka, n'kuchotsa zotsala madzulo. Nyama, nsima ndi buledi ayi. Chakudya chonona, kuphatikizapo madzi akuda ndi kuzunzidwa ndi zinzake, chimabweretsa matenda otupa mimba amene oweta nsomba padziko lonse amawatchula ndi dzina la dziko lathu, Malawi bloat. Nsomba imasiya kudya, imatulutsa chimbudzi choyera ngati ulusi, imatupa, ndipo ikafika potupapo kuchira n'kovuta. Ziponyereni chakudya choti zimalize mphindi imodzi isanathe, kamodzi kapena kawiri patsiku. Zidzakupemphanibe nthawi iliyonse mukadutsa. Musazimvere chisoni.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA:

Pomaliza, nsombazi muzitenga kuti? Wina anena kuti nyanja ili pomwepa, ndingopita ndi ndowa. Dikirani kaye. Ku Cape Maclear ndi zilumba zozungulira kuli Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna zomwezi. Madzi a mamita 100 kuchokera kugombe la pakiyi ndi otetezedwa. Kugwiramo nsomba kapena kutolamo miyala n'kuphwanya lamulo. Kwina konse, malonda a nsomba zamoyo amafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za usodzi, choncho kafunseni ku ofesi yawo ya m'boma lanu, ndipo gulani kwa amene ali ndi chilolezo kapena kwa oweta anzanu amene nsomba zawo zaswana m'thanki.

Chifukwa chake chilipo. Pali kambuna kena kotchedwa saulosi, kamene kanapatsidwa dzina la Saulos Mwale, Mmalawi amene ankagwira ntchito yomira pansi pa nyanja kugwira nsombazi. Kamapezeka pamulu umodzi wokha wa miyala, Taiwanee Reef, kufupi ndi Chizumulu. Katatchuka kunja kanagwidwa kwambiri mpaka kutsala pang'ono kutha, moti anthu anachita kuweta tina m'mathanki n'kukatibwezera komweko.

Ndipo nsomba imene yakhala m'thanki yanu isabwerere kunyanja kapena kumtsinje mwachisawawa, ngakhale mutatopa nayo. M'zaka za m'ma 1960 wamalonda wina anataya pachilumba cha Thumbi West, ku Cape Maclear, mbuna zimene zinagwidwa kumpoto kwa nyanja. Zinakhazikika, zinachuluka, ndipo ofufuza anadzapeza kuti zayamba kukwerana ndi mbuna za pamalopo. Kuzichotsa sikungathekenso. Nsomba ikakukanikani, mpatseni woweta mnzanu, kapena ibwezeni kumene munaigula.